Mabuleki Amene Ndidawasankhira Malume

Ndaganiza zolemba nkhaniyi chifukwa chakuti kwathu imafotokozedwa molakwika, ndipo munthu amene amasenzetsedwa mlandu wake si amene adalakwa. Pa ukwati uliwonse wa m'dera lathu, m'munsi mwa phiri la Mulanje kumbali ya Phalombe, salephera kupezeka wina wokumbutsa anzake za galimoto yofiira ya malume anga. Ena amati idalibe mabuleki ndi pang'ono pomwe. Ena amati amakaniko a pa Boma adaiwala kumanga nati imodzi. Zonsezi si zoona. Mabuleki adalipo, adali atsopano, amakaniko adawamanga bwino lomwe, ndipo amene adawasankha ndine. Tsopano ndili m'chaka changa chomaliza ku koleji, ndipo ndaona kuti ndisanachoke pano, pamene pali tebulo losagwedera, ndiike zoona zake papepala kuti amakanikowo apume.

Malume angawo ndi mlongo wawo wa mayi, wobadwa pambuyo pawo, ndipo popeza m'banjamo mwamuna ndi iwo okha, ndiwo mwinimbumba wathu. Matipate atafika, malonda a mbewu adatsegukira aliyense, ndipo iwo adayamba kugula nandolo m'midzi ya ku Nkhulambe ndi kukamugulitsa ku Limbe. Chaka china malondawo adawayendera bwino kwambiri. Tonse tidayembekeza kuti agula pikapu yonyamulira matumba. M'malo mwake adatulukira ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yaifupi ngati kamba, imene mimba yake inkakhula nthumbira iliyonse ya pamsewu. Adaigula kwa bwana wina wa ku minda ya tiyi kuseri kwa phiri, amene ankabwerera kwawo. Bwanayo ankachita nayo mipikisano, ndipo nambala yaikulu imene idalembedwa pachitseko inkaonekerabe pansi pa penti. Mayi ataiona adaizungulira kamodzi, nafunsa kuti nandolo azikhala pati. Malume adayankha kuti nandolo wagwira kale ntchito yake.

Galimotoyo inkathamanga, ndipo zimenezi palibe ankatsutsa. Phokoso lake linkafika pa msika iyo isadaoneke, nkhuku n'kuyamba kudzikonzera kothawira. Vuto lidali kuima. Malume akafuna kuima pa golosale ya m'mphepete mwa msewu waukulu, ankayamba kuponda buleki ali pa mjigo, mtunda umene mayi wosenza ndowa amapumirapo kamodzi. Nthawi zina ngakhale mtunda umenewo unkachepa, moti anthu a pa golosale adazolowera kulandira moni kawiri: woyamba malume akudutsa, wachiwiri akubwerera chafutambuyo. Buleki ya pamanja idaleka ntchito galimoto isadafike kwathu, ndipo udindo wake udatengedwa ndi mwala umene unkayenda pansi pa mpando.

Chaka chimene ndidalowa koleji, mlongo wanga wamkulu adapeza banja. Mwamunayo adali kalaliki pa ofesi ina pa Boma, wochokera kuchigawo chapakati, munthu wofatsa amene ankapukuta nsapato ngakhale polowa m'munda. Pa chinkhoswe, pamaso pa abale a mbali zonse ziwiri, malume adaimirira ndi kulengeza kuti mwana wa mlongo wawo sadzapita ku tchalitchi pa pikapu ngati thumba la chimanga. Adati adzamutenga iwo eni, kuchokera pakhomo pa mayi ake, m'galimoto yofiira. Za pikapuzo sadangozinena. Ankalasa akuchimuna, amene adali atanena kale kuti mnzake wa mkwati ali ndi pikapu yoyera imene ingathandize. Anthu adaomba m'manja. Mayi sadaombe.

Alendo atapita, mayi adawaitana malume pakhonde.

"Achimwene, mwana wanga sakwera chinthu chimene chimaima pamene chafunira chokha."

"Achemwali, galimoto imeneyi inapambanapo mipikisano."

"Kodi ku tchalitchi kuli mpikisano? Mukufuna akafike abusa asanasambe?"

"Ndanena kale pagulu."

"Pagulu mwanena inu, koma wobereka ndine. Ikonzeni, mudzandionetse ndi maso angawa kuti ikuima. Ikalephera, akwera yoyera ya eni ake ija."

Mantha a mayi adali ndi chifukwa. Nyumba yathu ili pamtunda, ndipo kamsewu kochokera pakhomo kukafika ku msewu waukulu n'kotsetsereka kwambiri, ka dothi lofiira limene limaterera likangonyowa ndi mame. Onyamula nkhuni pa njinga akafika pamenepo amatsika n'kumayenda pansi, akukoka njingayo kuti isawathawe.

Ukwati udaikidwa m'mwezi wa Julaye, ine ndili pa tchuthi. Malume, amene chiyambire koleji ankanditcha Akoleji mpaka dzinalo lidafala m'mudzi wonse, adandisankha kukhala mlangizi wawo. Tidayambira kwa amakaniko, bambo wachikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa pa Boma. Adakweza galimoto pa jeke, adachotsa tayala lakutsogolo, natulutsa tizitsulo tiwiri timene timapana chimbale cha tayala munthu akaponda buleki. Eni ntchitoyi amatitcha mapadi. Ndafunafuna liwu lina la makolo athu koma sindidalipeze, choncho ndigwiritsa ntchito lomweli. Mapadi a galimoto yofiira adali atadyeka mpaka kupyapyala ngati lumo.

"Bwana, mwakhala mukuima ndi chisomo," adatero amakaniko. "Pano pa Boma a mtundu uwu kulibe. Mupite ku Limbe. Mukagule wamba, ofewa, amene amagula aliyense."

"Galimoto yanga si aliyense," adayankha malume.

"Galimoto si aliyense, inde, koma msewu ndi womwewu woyendamo mbuzi."

Ku Limbe tidapita pa minibasi, chifukwa yofiira idatsala pa jeke. Njira yonse malume ankadandaula kuti dalaivala akuyendetsa ngati wanyamula mazira, mpaka mayi wina amene adakhala pafupi nafe adawaonetsa dengu lake, ndipo mudalidi mazira. M'sitolo ya zipangizo za galimoto, wogulitsa adayang'ana padi lakale limene tidatenga, adalowa mkati, natulutsa mabokosi awiri. Loyamba lidali la wamba aja, loyera, lopanda chithunzi. Lachiwiri adati ndi limene amakonda a matakisi. Malume adawatembenuzatembenuza monga munthu amene wapatsidwa nsomba ya dzana.

"Palibe ena oposa awa?"

"Mumayenda nayo kuti galimotoyo?" adafunsa wogulitsa.

"Paliponse, ndipo mofulumira. Ndi ya mpikisano."

Wogulitsa adakwera pa mpando, adapapasa pamwamba pa shelefu, natsitsa bokosi lakuda la fumbi lokhalokha. Adati adawaitanitsa kalekale anthu a mipikisano a ku tiyi, koma sadabwere kudzatenga. Pa bokosipo padali chithunzi cha galimoto ili m'malere, matayala onse anayi atasiya nthaka. Malume ataona chithunzicho adavula chipewa.

"Akoleji, werengani."

Apa ndi pamene ndiyenera kulemba mosamala, chifukwa ndi pamene nkhani idakhotera. Ndidawerenga Chingerezi cha pabokosipo mokweza, kuti wogulitsa ndi ena a m'sitolomo adziwe kuti kwathunso kuli sukulu. Kenaka ndidamasulira. Mawuwo ankati mapadi amenewa satopa ndi kutentha, ndipo galimoto ikathamanga kwambiri ndi pamene amagwira kwambiri. Ndidayala mfundo yanga monga ndinkachitira pa mtsutso ku koleji: chimene chingaimitse galimoto yothamanga sichingalephere kuimitsa yoyenda pang'onopang'ono, monga mmene munthu wosenza thumba la nandolo sangalepherere kusenza dengu la masamba. Mfundoyo idandikomera ine mwini. Wogulitsa adangoti, "Oyerawa ndagulitsa ambiri, akudawa sindikuwadziwa bwino." Sitidamumvere. Potsegula bokosi ndidaona kapepala kopindidwa kanayi, ka zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndidaganiza kuti kakungobwereza za kunja zija, ndipo ndidakabwezera momwemo.

Amakaniko atawaona mapadiwo, adagogoda limodzi ndi sipanala. Lidalira ngati khasu.

"Awa sindinawaonepo. Ndi olimba ngati mwala wa m'phiri. Ine ndinati ofewa."

"Akoleji awerenga," adatero malume.

"Ngati awerenga Akoleji, ine ndine ndani. Galimoto ndi yanu."

Adawamanga, adachotsa mpweya m'mapaipi, adathira mafuta a mabuleki atsopano, ndipo nati iliyonse adaikunga kawiri ine ndikuona. Onena za nati yoiwalika aja awerenge mzere umenewu mobwereza.

Lidali Lachinayi masana, dzuwa lili bwino, ukwati utatsala masiku awiri. Pobwerera kumudzi malume adaiponda moto galimoto ija. Buleki yoyamba sidatisangalatse. Padamveka kulira, ndipo tidapitirira pamene tinkafuna kuima. Malume adati atsopano amayamba choncho, ngati nsapato. Adathamanganso, napondanso. Kachitatu idagwira. Kachinayi idagwira kotero kuti chipumi changa chidakapsompsona galasi, ndipo mwala uja udatuluka pansi pa mpando n'kundimenya chidendene. Malume adaseka mpaka misozi. Njira yonse adachita zomwezo, kuthamanga ndi kuima, kuthamanga ndi kuima, moti tidafika pakhomo matayala akutsogolo akununkha ngati mphika wopserera.

Mayi sadafunse zambiri. Adalowa m'nyumba, adatsanulira madzi m'ndowa, natuluka ndi mtsuko wawo waukulu, umene unkaziziritsa madzi kuposa wina uliwonse m'mudzimo. Adauika pakati pa kamsewu, kumunsi kwa nyumba, pamene pali potsetsereka kwambiri.

"Uyu ndiye mwana wanga. Mukwere mpaka pa mkuyu uwo, mutembenuke, mutsike, mudzaime osamukhudza."

Malume adakwera, adatembenuka, natsika mofulumira kuposa mmene kudafunikira. Fumbi litatha, mtsuko udali chiimire. Mayi adawerama, nayeza mpata ndi dzanja: chikhatho chimodzi ndi zala ziwiri.

"Chabwino," adatero, nasenza mtsuko wawo kubwerera nawo m'nyumba.

Malume adandigwira paphewa pamaso pa anthu, ndipo kwa masiku awiri ndidayenda m'mudzimo ngati mabulekiwo ndidawasula ndekha.

Loweruka kudacha ndi chiperoni. Phiri lidabisala, udzu udanyowa, ndipo akwaya ankapumira m'manja kuti afunde. Galimoto idagona pabwalo pathu. Ntchito yanga idali yoikongoletsa ndi maluwa ndi maliboni. Maliboniwo malume adawasunga m'bokosi lakuda lija, chifukwa sadafune kulitaya. Ndikukoka liboni lomaliza, kapepala kaja kadagwa pa udzu. Ndidakatola kuti kasanyowe, ndipo popeza munthu wozolowera kuwerenga sangagwire pepala osaliyang'ana, ndidakafunyulula.

Kankanena momveka bwino kuti mapadi amenewa amagwira akatentha. Akakhala ozizira amagwira mochedwa, ndipo amalira. Kadachenjezanso kuti ndi a pabwalo la mpikisano, osati a galimoto yoyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu. Ndidakawerenga kawiri, ndikuyembekeza kuti mwina Chingerezi changa chandinamiza. Sichidandinamize.

Amene sadaonepo ukwati wa kwathu ayenera kudziwa ichi. Mkwatibwi akatuluka m'nyumba, galimoto siyenda yokha. Amayi a mbumba amatsogola akuimba ndi kuvina, ena ali ndi ana kumbuyo, ndipo amayenda pafupi kwambiri moti nsalu zawo zimapukuta nyali za galimoto. Akayenda pang'ono amaima mwadzidzidzi, wina n'kuyala chitenje pamsewu, ndipo galimoto siyenera kuchiponda mpaka wina wa akuchimuna atafupa. Akatero amanyamula chitenjecho n'kukachiyalanso patsogolo. Woyendetsa samuchenjeza, ndipo kumbuyo sayang'anako. Kuchokera pakhomo pathu kufika ku msewu waukulu amaima kakhumi kapena kupitirira, ndipo ponsepo ndi potsetsereka. Lachinayi lija mabuleki adali otentha ndi liwiro la malume. Tsopano adali atagona panja m'chisanu cha Julaye.

Ndivomere kuti ndidaganizako zopinda kapepalako ndi kukaika m'thumba. Koma wotsogolera nyimbo tsikulo adali mayi anga aang'ono, amene adali ndi khanda la miyezi inayi kumbuyo. Ndidapita kwa malume. Ndidawapeza atavala kale suti, akupukuta galasi la m'mbali ndi mpango wa m'thumba.

"Malume, pali mawu ena amene sitinawerenge."

"Sitinawerenge ndani?"

"Sindinawerenge ine."

Ndidawamasulira. Adamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Pepalali linalembedwa ku Ulaya, kumene madzi amauma ndi kuzizira. Kuno ndi ku Phalombe."

"Malume, taonani nthunzi ikutuluka m'kamwa mwanu."

Adapuma kamodzi, nayang'ana nthunziyo ikukwera. Kenaka adatsitsa mawu. "Amayi anu asamve."

Koma mayi adali ataima kumbuyo kwathu, duku la ukwati lili m'manja.

"Amuna awiri akamanong'onezana pafupi ndi tayala, ine ndikatenge mtsuko," adatero.

Pa nthawiyo akuchimuna adali atafika ndi pikapu yawo yoyera kudzatenga akwaya, ndipo amakaniko, amene adaitanidwa ku ukwatiwo, adali atangotsamiritsa njinga yawo pa nkhokwe. Onse adasonkhana m'mbali mwa kamsewu. Mayi adaika mtsuko pamalo paja.

"Lero musathamange, achimwene. Mutsike monga mutsikire ndi mwana."

Galimoto idatsika mwaulemu ngati ili pa maliro. Itatsala mapazi angapo, malume adaponda buleki. Padamveka kulira kwakuti ophika a kuseri kwa nyumba adaganiza kuti nkhumba ya phwando ikuphedwa kachiwiri. Galimoto idachepetsa liwiro, koma sidaime. Idapitirira pang'onopang'ono, tonse tikuona, malume ataimirira pa buleki mkatimo, mpaka idaukankha mtsuko uja, kuugwetsa ndi kuuswa. Kenaka idaima, phale lina lili pansi pa tayala.

Mayi adatola phale limodzi, naliyang'ana mbali zonse ziwiri.

Nkhoswe ya akuchimuna, bambo wonenepa wa mawu okoma, idayandikira itapinda manja.

"Pepani bambo, izi zimachitika. Pikapu yathu ilipo. Kutsogolo tayalako kale nsalu yoyera."

Kumva kuti nsaluyo adali atayala kale ndi kumene kudawapweteka malume kuposa kusweka kwa mtsuko. Adatembenukira kwa amakaniko.

"Bwezeranimo akale aja."

"Akale ndi zitsulo zokhazokha, bwana, ndipo ali pa Boma."

"Ndikathamange nayo kaye kumsewu, atenthe."

"Atentha, inde. Koma amayiwa asanamalize nyimbo yoyamba, aziziranso."

"Nanga ndikatsika pa giya yoyamba?"

"Giya yoyamba ya galimoto iyi imapitirira njinga. Mukufuna amayiwa avine akuthawa?"

Mlongo wanga adasuzumira pa zenera, chophimba kumutu chili m'manja.

"Malume, ine ndinauza anzanga onse kuti ndikwera yofiira."

Sadanene mokwiya, ndipo n'chifukwa chake malume adayang'ana pansi. Kwathu mwinimbumba akalonjeza chinthu pa chinkhoswe n'kulephera, palibe amamuchotsa udindo. Amangokhala nacho moyo wake wonse, pa maliro ndi pa zokambirana za mbumba, aliyense akudziwa kuti mawu ake amafunika kuyesedwa kaye ndi mtsuko.

Mayi adaponya phale lija pa udzu.

"Achimwene, ng'ombe yosamvera timapita nayo bwanji kudibi?"

"Achemwali, ayi."

"Ndangofunsa."

"Galimoto ya mpikisano, pa chingwe, alendo akuona?"

"Chingwe, kapena nsalu yoyera ija. Sankhani, abusa akudikira."

Malume adayang'ana nambala ija ya pachitseko. Kenaka adapita kumbuyo kwa galimoto, adatsegula, natulutsa chingwe chawo chomangira matumba a nandolo pa lole. Adachipereka kwa amakaniko osayang'ana munthu aliyense. Amakaniko adagwada, ndipo pansi pa galimoto adapeza ngowe yachitsulo imene bwana wa ku tiyi uja ankakokera galimotoyo ikatitimira m'matope pa mipikisano.

"Mwa zonse za mpikisano, ichi chokha ndicho chitithandize lero," adatero akumanga mfundo.

Pa chingwe tidalipo amuna asanu ndi mmodzi, atatu a kwathu ndi atatu a akuchimuna. Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti nkhoswe yonenepa ija ndiyo idayamba kuvula jekete, ndipo idadzimanga chingwe m'chiuno kumapeto kwenikweni. Malo anga adasankha mayi.

"Wowerenga akhale kutsogolo."

Kutsogolo kwa chingwe ndi pamene pali paipi yotulutsa utsi.

Mlongo wanga adatuluka, nthungululu zidalira, ndipo malume adamutsegulira chitseko ngati palibe chimene chachitika. Tidayamba kutsika. Amayi a mbumba adatsogola monga mwa nthawi zonse, osachotsapo kalikonse pa mwambo chifukwa cha ife. Chitenje chikagwa pansi, amakaniko, amene ankayenda m'mbali atanyamula mwala uja, ankati, "Gwirani." Malume ankaponda buleki, mabuleki n'kulira, ife n'kugona chagada pa chingwe zidendene zikulima dothi, amakaniko n'kuika mwala kutsogolo kwa tayala. Galimoto inkaima. Chitenje sidachikhudze ndi kamodzi komwe.

Amayi ataona kuti buleki iliyonse ikubwera ndi kulira kwake, adayamba kuiyankha ndi nthungululu, ndipo pofika pakati pa njira mayi anga aang'ono adali atapeka kale nyimbo ya mkwatibwi wokondedwa kwambiri moti amuna asanu ndi mmodzi akumukoka kuti asapite. Ndimakhulupirira kuti malo oyalapo chitenje adawaonjezera dala. Pa kuima kwina nkhoswe ija idaterereka n'kukhala pansi m'matope, koma chingwe sidachisiye, ndipo amakaniko adati imeneyo ndiyo idali buleki yogwira koposa tsiku lonselo. Ine ndidameza utsi njira yonse. Malaya anga oyera adafika kumsewu ali ngati a wootcha makala, ndipo m'manja mwanga mudatuluka matuza amene adandiletsa kugwira cholembera sabata yathunthu.

Titafika pa msewu waukulu, pamene pali pathyathyathya, amakaniko adamasula chingwe. Amayi ovina ndi ife ogwira chingwe tidakwera pikapu pamodzi ndi akwaya. Malume adaliza injini kamodzi mwa chizolowezi. Mayi atamva adatsika pa pikapupo, adawatulutsa malume, adapinda mpando, nalowa kumbuyo kwa galimoto yofiira, mawondo ali pachibwano. Malume atakhalanso pansi, mayi adawagwira kolala ya jekete, ndipo sadaisiye mpaka pa tchalitchi. Ife tinkatsatira m'mbuyo, ndipo tidaona ndi maso athu okwera njinga awiri akuipitirira galimoto ya mpikisano, mmodzi wa iwo atanyamula nkhuni.

Pa tchalitchi mkwati adali atatuluka kale kawiri kudzayang'ana kumsewu. Malume adayamba kuponda buleki ali patali monga ankachitira kale, ndipo adaima pakhomo penipeni. Adatsika, adakonza kolala, adazungulira galimoto, natsegula chitseko. Mlongo wanga adatuluka m'galimoto yofiira anzake onse akuona. Anthu atayamba kulowa, malume adabwera pamene ndidaima, nayang'ana malaya anga kuyambira pakhosi mpaka palamba.

"Akoleji, mwana wafika kapena sanafike?"

"Wafika, malume."

"M'galimoto ya ndani?"

"Yanu, malume."

"Basi. Zina zonsezo mukalembe m'mabuku anu."

Ndiye ndalemba.

Sabata yotsatira malume adapita okha ku Limbe, nabwera ndi bokosi loyera lopanda chithunzi. Amakaniko adamanga mapadi ofewawo osakumbutsa munthu kuti adanena kale, ndipo ine ndimaona kuti umenewo udali ulemu waukulu. Akuda aja ali kwa mayi mpaka lero. Alipo anayi, ndipo mphasa ili ndi ngodya zinayi, choncho amatsindira nawo mphasa akamayanika makaka. Amati pa ntchito imeneyo amagwira bwino, kuzizire kapena kutenthe. Mtsuko ndidawagulira wina pa msika wa pa Boma, koma nthawi iliyonse ndikamwa madzi kwathu amandikumbutsa kuti suziziritsa ngati uja.

Inu amene mudalipo tsiku lija, ngati mwaona pamene ndaphonya, ndilembereni, kapena mundiimitse panjira ndikabwera pa tchuthi. Mwina pa chingwe tidalipo asanu ndi awiri. Alamu anga amalimbikira kuti mng'ono wawo adagwirako, ngakhale ine ndimamukumbukira atanyamula ambulera. Mwinanso Chichewa changa chatsimphina penapake, ndipo wondikonza ndidzamuthokoza. Koma za amene adasankha mabuleki musavutike kundilembera, chifukwa pamenepo palibe chokonza.